Sukulu yopanda bolodi ya pa Lizulu

Msewu wa M1 ukachoka mu Lilongwe kulowera kum'mwera, umakwera mtunda mwakachetechete moti wapaulendo sazindikira. Mumadutsa Nathenje ndi Kamphata, kuwoloka mtsinje wa Diamphwe, kenako Chimbiya ndi Linthipe. Pofika ku Dedza, makilomita pafupifupi 85 kuchokera mumzinda, amene anavala malaya a manja aafupi amakhala atayamba kale kupempha wa pawindo kuti akankhe galasi. Phiri la Dedza, lija lotalika mamita 2,198, limatsalira kumanzere. Mukapitirira mphambano ya ku Bembeke ndi pa Masasa, pamene msewu wa Khwekhwerere umapatukira kutsetserekera ku Golomoti, phula limayamba kuyenda pamsana penipeni pa mtunda. Kumanzere kwanu ndi Malawi, kumanja ndi Mozambique. Palibe mpanda, palibe waya. Mbuzi imadya udzu wa dziko lino n'kukagona tsidya linalo popanda woifunsa chiphaso.

Posakhalitsa galimoto imachepetsa liwiro, kutsogolo kuli anthu pikitipikiti. Mwafika pa Lizulu, m'boma la Ntcheu.

Aliyense amene anayendapo pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amapadziwa pamenepa. Basi isanaime n'komwe, mabeseni amakhala atafika kale m'mawindo: tomato wofiira psuu, karoti womanga m'timitolo, kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu, anyezi, nsawawa, zitheba, nyemba, mbatatesi m'zidebe, ndipo nyengo yake ikakwana, mapichesi. "Amayi, tengani uyu, ndikubanyirani!" "Achimwene, chidebe chonsechi, taonani kukula kwake!" Kondakitala amakuwa kuti nthawi yatha, chonsecho naye ali ndi jumbo yake m'manja. Dzina la malowa linatchuka mpaka linasamukira mumzinda: msika wa ndiwo zamasamba umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, moyandikana ndi wa Tsoka, anthu amautcha Lizulu.

Ambirife timagula pawindo n'kumapita. Koma wachinyamata amene akulingalira zoyamba bizinesi yaulimi, komanso aliyense amene ntchito yake ndi kuphunzitsa achinyamata oterewa, ndikanakonda atatsika, basiyo n'kuileka ipite, iye n'kuswera pamenepa tsiku lathunthu. Maphunziro ambiri a ulimi wa bizinesi timawayambira kumunda, pa nazale ndi feteleza, nkhani ya msika n'kubwera tsiku lomaliza anthu atatopa, maso ali pa envulopu ya alawansi. Pa Lizulu zinthu zimayenda chobwerera. Munthu amayamba wadziwa wogula, kenako ndiye amanyamula khasu.

Tidziwe kaye malowa. Kuno ndi kwa Angoni a Maseko, ndipo likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani lili ku Lizulu konkuno. Malire amene atsamunda a ku Britain ndi a ku Portugal anagwirizana anadula pakati pa anthu amodzi, n'chifukwa chake tsidya la Angónia, m'chigawo cha Tete, anthu amalankhula chinenero chathu chomwechi, amakwatirana ndi a tsidya lino, maliro amalira limodzi. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu ochuluka zedi anathawira mbali ino ya msewu. Masiku ano zimene zimawoloka phula ndi ngolo za ng'ombe, njinga zakapalasa ndi njinga zamoto zitasenza matumba. Mu Malichi 2025, boma litaletsa kuitanitsa kuchokera kunja zinthu zina monga mbatatesi, anyezi ndi adyo, ku Capital Hill mawu oti "kunja" ankamveka bwinobwino. Pa Lizulu kunja ndi tsidya la msewu, kungoyang'ana uku ndi uku n'kuwoloka.

Msikawu unabadwa ndi zinthu ziwiri, kuzizira ndi msewu. Kumtunda kuno mbewu zimene zimalefuka ndi dzuwa la ku Salima kapena ku Chikwawa zimakondwa. M'zigwa za pakati pa mapiri muli madambo osunga chinyezi, kotero mvula ikaleka anthu amatsikira kudimba ndi makheni awo, ena ndi mapampu, ulimi n'kupitirira. Ndiye pakati pa zonsezi panadutsa msewu wolumikiza mizinda iwiri ikuluikulu ya dziko lino. Alipo madera achonde ngati pano amene tomato wawo amaolera m'munda chifukwa lole singafikeko m'dzinja. Wophunzitsa akamafunsa wachinyamata za nthaka ya kwawo, azifunsanso kuti kuchoka padimbapo kukafika pa phula ndi mtunda wautali bwanji, ndipo mu Febuluwale njirayo imakhala yotani.

Zapawindo zija ndi nthambi chabe. Thunthu la malonda limaoneka pa tsiku la msika m'mamawa, nkhungu isanachoke, pamene opikula ochokera m'mizinda amafika ndi malole. Ambiri mwa iwo ndi amayi, chitenje m'chiuno, kachikwama ka ndalama kobisika mkati, foni m'manja. Sapupuluma. Amayamba azungulira kaye msika wonse kuona kuti lero tomato wabwera wochuluka bwanji, kenako n'kuimbira mnzawo amene ali ku Wakawaka kapena ku Limbe kuti amve kumeneko kwacha bwanji. Akamafika pa dengu la mlimi amakhala akudziwa kale mtengo wa mbali zonse ziwiri. Mlimi amene wadzuka usiku n'kubwera ndi katundu pangolo amadziwa chinthu chimodzi: sangabwerere naye kunyumba.

Apa ndiye pagona nkhani. Tomato si chimanga choti ungathire mankhwala n'kusokerera m'thumba kudikira Januwale. Akapsa, wapsa. Wogula amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amatha kuima patali, kucheza, kumwa tiyi, kudikira kuti dzuwa likwere. Mtengo wa 6 koloko m'mawa umasiyana ndi wa 11 koloko, ndipo wa madzulo malole atanyamuka ndi wongoti bola katundu achoke. Ndinaima kwakanthawi pafupi ndi mtsikana wina wamng'ono, wa msinkhu wa Fomu 1, amene amayi ake anamusiyira madengu awiri. Wopikula woyamba atatchula mtengo, mwanayo anangoseka n'kuyang'ana kumbali. Wachiwiri anamukana mwaulemu. Wachitatu anamugulitsa, ngakhale mtengo sunasiyane kwambiri ndi wa wachiwiri uja. Nditamufunsa chifukwa chake, anandilozera kumunsi kwa msewu kumene kunali kutulukira ngolo zina zitatu zodzaza madengu. Anaona kuti zikangofika, mtengo ugwa. Mwana ameneyu sanakhalepo mu wekishopu iliyonse.

Mtengo uli ndi maola ake, ulinso ndi miyezi yake. Chilimwe chikafika pachimake, cha m'ma Ogasiti mpaka Okutobala, madimba onse amapsa nthawi imodzi. Tomato amakhala mbwee, wogula amachita kusankha ndi phazi. Koma pitani pa msika uliwonse mu Januwale, Febuluwale kapena Malichi, mukapeza kamulu ka tomato anayi kakutchulidwa mtengo woti munthu n'kuganiza zophika ndiwo zopanda tomato. Wachinyamata wophunzira bizinesi ayenera kuwerenga masiku chobwerera kuchokera pa mwezi umene akufuna kugulitsa. Mbande zimakhala pa nazale pafupifupi masabata 4, ndipo ukawokera pamadutsa miyezi iwiri ndi theka kapena itatu kuti uyambe kuthyola. Ndiye wofuna kugulitsa mu Febuluwale afese mu Okutobala, anzake ali kalikiliki kugulitsa tomato wotchipa uja.

Kunena n'kosavuta. Tomato amasowa m'dzinja pa chifukwa chake: chinyezi chimabweretsa chiwawu, chimene chimatha kupsereza munda wonse m'masiku ochepa. Pamafunika mitengo yoimikira kuti zipatso zisagone m'matope, kuthenera masamba am'munsi, kupopera mankhwala pafupipafupi, ndipo mvula ikagwa utangopopera, ndalama yapita ndi madzi. Palinso kambozi kaja kotchedwa Tuta absoluta, kamene kamalowa mkati mwa tsamba ndi m'chipatso momwe. Walira mvula walira matope. Mphunzitsi wachilungamo amauza wophunzira zonse ziwiri, mtengo wokomawo ndi matope ake, n'kumulangiza kuti chaka choyamba ayese pa kandime kakang'ono, ndipo azifesa mosiyanitsa masabata awiri kapena atatu kuti zonse zisapse tsiku limodzi.

(Pa nkhani ya mankhwalayi pali chizolowezi china chimene wachinyamata asatengere pa msika uliwonse: tomato wotuwa ndi mankhwala, wopopera dzulo n'kuthyola lero. Pa botolo kapena paketi amalemba masiku oyenera kudikira usanakolole. Amene akufuna kudzagulitsa kusukulu zogonera konko, kuzipatala kapena m'masitolo aakulu azolowere kuwerenga kalembako kuyambira pano.)

Chinanso chimene simungachimve m'kalasi ndi nkhani ya miyeso. M'buku zonse zili m'makilogalamu. Pa msika pali mulu, beseni, chidebe, dengu ndi thumba, ndipo palibe madengu awiri ofanana. Thumba la mbatatesi la wopikula limakhala lolumikiza, pamwamba atasokerera chisoti cha zingwe, moti anyamata awiri amachita kubuula polikweza mulole. Mtengo amatchula wa "thumba", koma zimene zalowamo n'zoposa thumba. Mlimi amene sanayezepo katundu wake pa sikelo sangadziwe kuti wapereka ulere wochuluka bwanji. Sindikunena kuti opikula ndi akuba. Nawo amalipira lole, amalipira okweza ndi otsitsa, amagona pa katundu usiku kukuzizira, ndipo tomato wa pansi pa dengu akaphwanyika panjira, waphwanyikira iwo. Koma pa malonda aliyense amakokera kwake, ndipo amene sadziwa kulemera kwa katundu wake amakokedwa.

Yang'ananinso mmene amayi a pabenchi amasanjira katundu. Mbatatesi zikuluzikulu zili pazokha, chifukwa wa chiwaya akufuna zosenda msanga ndi zotuluka chipisi chachitali. Zapakati ndi za mayi wa pakhomo. Tomato woti akagulitsidwe ku Blantyre mawa amathyoledwa atangoyamba kusintha mtundu, wofiira kwambiri uja ndi wa pawindo, wodya lero. Katundu wosakaniza amagulidwa pa mtengo wa zing'onozing'ono zimene zili momwemo. Kusankhula kumatenga ola limodzi pansi pa mtengo, sikulira mpamba, koma ndi angati amene anaphunzitsidwapo zimenezi ngati phunziro lapalokha?

Komabe tisaukometse msikawu mopitirira. Pali zimene Lizulu saphunzitsa, ndipo chachikulu ndi kope. Alimi ambiri amene ndinacheza nawo amakumbukira bwino lomwe mtengo umene anagulitsira, koma ukafunsa zimene analowetsa, nkhani imayamba kuyenda mokhotakhota. Feteleza anagula pang'onopang'ono, mankhwala anatenga pangongole kwa wa sitolo, aganyu ena anawalipira ndi chimanga. Tsiku logulitsa ndalama imabwera yambiri nthawi imodzi, munthu n'kudziona ngati bwana, pamene gawo lalikulu ndi mpamba wake womwe wangobwerera. Mawa kwagwa maliro, mkuja mwana wabwezedwa fizi, ndipo nyengo yofesa ikafika m'thumba muli mbee.

Apa ndi pamene wachinyamata wopita kusukulu, wa foni ya intaneti m'manja, angapose makolo ake. Popeza kwacha sikhazikika (mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi), ndi bwino kuphunzira kuwerengera m'madengu momwemo. Tiyerekeze kuti dimba lakupatsani madengu 40. Mbewu ndi nazale zadya madengu 2, feteleza ndi manyowa 8, mankhwala 6, mitengo yoimikira ndi ulusi 2, aganyu 5, lendi ya dimba 3, ngolo ndi chiphaso cha msika 3, ndipo 4 aola kapena kuphwanyika. Anu enieni ndi madengu 7, pa miyezi inayi kapena isanu ya thukuta. Manambalawa ndi ongoyerekeza, anu adzakhala ena, koma funso lake ndi lomwelo: kodi madengu 7 amenewa akuposa zimene mukanapeza mukanapalasa kabaza miyezi yomweyo? Ngati sakuposa, ndi pati pamene mungadule? Mwina manyowa a khola achepetse feteleza wogula. Mwina makileti apulasitiki m'malo mwa dengu apulumutse awiri mwa anayi oola aja. Mwina kungosuntha mwezi wofesera, madengu 7 omwewo agulitsidwe pa mtengo wa Febuluwale. Munthu akayamba kudzifunsa chonchi, bizinesi yayamba, ngakhale asanalembe chikalata chilichonse cha pulani.

Malo ophunzirira ulimi m'dziko muno alipo ndithu. Mphambano ya ku Bunda tinaidutsa potuluka mu Lilongwe. Koleji imeneyi yakhala ikusula akatswiri a zaulimi kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa yunivesite yoima payokha ya LUANAR, imene inatenganso Natural Resources College. Kuli TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi bizinesi. Kumidzi kuli alangizi, ngakhale mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja ochuluka moti ena amangomumvera mbiri. Kusekondale phunziro la Agriculture lilipo mpaka pa mayeso a MSCE. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika ulimi wa malonda ngati nsanamira yoyamba. Ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, theka la iwo osakwana zaka 18. Ana onsewo maofesi sangawamwere tiyi.

Vuto langa ndi kaphunzitsidwe. Mwana amatha kulemba bwinobwino pa mayeso mitundu ya nthaka ndi magawo a duwa, n'kukhoza, koma osadziwa kuti kabichi amene amalima kuseri kwa kalasi akanagulitsidwa ndalama zingati. Kusukulu zambiri dimba ndi kumene amatumiza ochedwa ndi olongolola. Tikamulanga mwana ndi khasu zaka 12, tisadabwe akamaliona ngati chilango. Bwanji dimba la sukulu likanakhala ndi kope lake, ophunzira eni ake n'kumalemba zolowa ndi zotuluka, kukagulitsa okha pa msika, teremu ikatha n'kuwerengera pamaso pa onse kuti apindula kapena aluza? Ngakhale kuluza kumene kukanawaphunzitsa zambiri kuposa notsi.

Anthu amakonda kunena kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi, safuna kugwira dothi. Koma kumapeto kwa 2023 tinaona anyamata ndi atsikana mazanamazana akukwera ndege kupita ku Israel, dziko lili pa nkhondo, kukagwira ntchito m'minda. Ena ali m'mafamu a ku South Africa. Dothi ndi lomwelo, msana umapweteka chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko munthu amapita akudziwa kuti mwezi ukatha alandira zakutizakuti. Chimene wachinyamata amathawa ndi ulimi umene anaona kwa agogo ake, wolima chaka chonse n'kudzagula chimanga mu Januwale.

Nanga mpamba? Funso limeneli limabwera msanga pa maphunziro alionse, ndipo yankho lofulumira limakhala ngongole: ya boma, banki m'khonde, kapena zikavuta katapira. Ine ndimaopa ngongole imene imabwera munthu asanagulitsepo kanthu ngakhale kamodzi. Banki m'khonde imafuna kubweza mwezi ndi mwezi pamene tomato akadali maluwa. Ndipo mpamba si ndalama zokha. Wachinyamata wa zaka 22 kawirikawiri alibe munda wakewake. Malo ndi a makolo kapena a kuchikazi, ndipo dimba labwino la m'mbali mwa madzi eni ake salileka wamba. Akabwereka kapena kuchita lendi, apangane pamaso pa mboni kapena amfumu kuti ndi nyengo zingati, chifukwa zimachitika kuti ukathira manyowa chaka chino, chaka chamawa mwini wake walifuna. Zoterezi m'mabuku a maphunziro simupezeka kawirikawiri, koma ndi zimene zimagwetsa anthu.

N'chifukwa chake ndimachita chidwi ndi achinyamata a pa Lizulu amene amadya za ulimi asanakhale ndi munda. Wina ali ndi njinga yamoto, amakatenga matumba kumidzi kumene lole sifika. Wina amafesa mbande za kabichi ndi tomato n'kumagulitsa kwa alimi amene nazale yawo yapsa kapena achedwa. Wina ali ndi sipuleya, amalipidwa popopera m'madimba a anthu. Wina amangosonkhanitsa katundu wa alimi asanu, kusankhula, kujambula pa foni, kutumiza pa WhatsApp kwa mayi wa lesitilanti ku Lilongwe, ndalama n'kulowa pa Airtel Money kapena Mpamba katundu asanakwere. Ameneyu akadzapeza dimba lake, adzalima akudziwa kale nambala ya foni ya womugula. Kwa amene akuyamba wopanda kalikonse, khomo lolowera ndi limeneli, ndipo wophunzitsa asamalione ngati geni wamba yosayenera kutchulidwa m'kalasi.

Ndikanakhala ndi gulu la achinyamata 20 oti ndiwaphunzitse, sabata yoyamba sindikanawapatsa notsi. Aliyense ndikanamupatsa kope la masamba 40 ndi bolopeni, n'kumutuma pa msika wa kwawo, kaya ndi Jenda, Bvumbwe, Mitundu kapena Chimbiya, masiku anayi a msika otsatizana. Asankhe mbewu imodzi. Alembe mtengo wa m'mawa, wa masana ndi wa madzulo. Afunse opikula atatu kuti amatengera kuti katundu, amafuna wotani, ndi mwezi uti umene amasowa. Akabwera ndi mayankho amenewo, ndiye tikambe za nazale.

Mukachoka pa Lizulu kupitirira kum'mwera, mumadutsa Mlangeni n'kufika pa mphambano ya Tsangano, musanatsikire ku Biriwiri ndi ku Ntcheu boma. Apanso zidebe za mbatatesi zimandanda m'mbali mwa msewu. Njira yopatukira kumanjayo imakwera kumapiri a Tsangano, kwawo kwa mbatatesi, ndipo ndi chiyambi cha msewu wopita ku Neno ndi Mwanza umene anthu akhala akuudikira zaka zambiri kuti uthe. Kumeneku kuli bizinesi ina imene ndikuona kuti ikudikira achinyamata odekha, ya mbewu.

Mbatatesi sitibzala njere, timabzala mbatatesi yomweyo, ndipo hekitala imodzi imadya pafupifupi matani 2 a mbewu. Pa zonse zimene mlimi amalowetsa, mbewu ndi imodzi mwa zodula kwambiri. Ndiye chimachitika n'chiyani? Mlimi amagulitsa zikuluzikulu zonse, n'kusunga tating'onoting'ono totsalira kuti ndito mbewu. Tsoka ilo, nthawi zambiri tating'onoto timachokera ku mapando odwala. Matenda a mavairasi, amene nsabwe za m'masamba zimafalitsa, komanso matenda ofotetsa aja amene amakhalira m'nthaka, amayenda ndi mbewuyo chaka ndi chaka. Zokolola zimanka zichepa, mlimi n'kumada feteleza kuti masiku ano ndi wopanda mphamvu. Mitundu yakale monga Violet ndi Rosita yazungulira m'manja mwa alimi zaka zambirimbiri. Akatswiri a kafukufuku a boma, amene ali ndi malo awo oyesera mbewu ku Bembeke, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center, anatulutsa mitundu ina monga Thandizo, Chuma ndi Zikomo, koma kuti mbewu yabwino ifike kwa mlimi wa kumudzi pamafunika anthu oichulukitsa pafupi naye.

Luso lake si lamatsenga. Mbewu ikamera n'kuyamba maluwa, umayenda m'munda mzere ndi mzere, kuzika kamtengo pa phando lililonse lathanzi, la masamba osakwinyika ndi osachita mawanga. Pakapita masabata angapo umabwereranso, phando limene layamba kufota n'kulichotsera kamtengo kake. Nthawi yokolola ikayandikira umadula mitengo yake pamwamba n'kudikira masabata awiri kuti khungu likhwime. Mapando a timitengo aja umakumba payokha, n'kusankha mbatatesi za kukula ngati dzira la nkhuku. Zimenezi suziika m'thumba m'chipinda chamdima, mmene zimatulutsa mphukira zazitali zoyera zothyoka ukangozigwira. Umazisanja pa mashelefu m'kanyumba kolowa mphepo ndi kuwala koma osati dzuwa lenileni, ndipo zimatulutsa mphukira zazifupi, zonenepa, zobiriwira. Munda wa mbewu uyenera kukhala woti sunalimidwemo mbatatesi, tomato kapena fodya kwa zaka zitatu kapena zinayi, popeza mbewu zimenezi ndi za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda.

Kanyumba koteroko munthu angamange ndi mitengo, nsungwi ndi udzu. Chovuta ndi kupirira: anzako akugulitsa zonse pa mphambano n'kugula mafoni atsopano, iwe zako zili pa shelefu miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kunyumba akukufunsa kuti kodi mbatatesi zimenezi ukuzisungira ndani. Kasitomala wa mbewu ndi mlimi mnzako wa m'mudzi momwemo, amene amadutsa m'mbali mwa munda wako tsiku ndi tsiku ndipo anaona yekha mmene unalili. Amabwera nthawi yobzala ikayandikira, amatola mbatatesi imodzi pa shelefu, kuitembenuza, kuyesa mphukira ndi chala, kenako n'kufunsa mtengo wa chidebe.